Mutu 11: Kupempha Ndalama za Chitukuko Kumene Mvula Imavuta

Mlendo wobwera ku Livingstone kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya amachokako zovala zitanyowa ndi nthunzi ya Zambezi, ndipo savomera msanga akauzidwa kuti waponda limodzi mwa madera ouma kwambiri m'dziko la Zambia. Akatswiri a zaulimi analigawa dzikoli m'zigawo zitatu potengera mvula. Livingstone, pamodzi ndi boma la Kazungula lomwe laizinga, ili m'chigawo choyamba, chimene mvula yake siifika mamilimita 800 pachaka. Mtsinje waukulu uli pomwepo, koma mayi wa kwa Nyawa kapena kwa Musokotwane, kutali ndi gombe, satungako. Iye amadalira mjigo, kachitsime kofukula pamchenga wa mtsinje wouma, ndi mitambo.

M'nyengo ya 2023/24 mitamboyo inakana. Mphepo ya El Niño inabweretsa ng'amba yaitali mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene chimanga chimamasula ndi kubereka. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi: maboma 84 mwa 116 anali atakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni omwe anadzalidwa chimanga anali atapserera. Mu Epulo anapempha thandizo la K23.5 biliyoni, ndalama za Zambia, ponena kuti anthu oposa 6 miliyoni akufunika chakudya. Chimanga chomwe dziko linakolola chinatsika kuchoka pa matani oposa 3 miliyoni kufika pafupifupi 1.5 miliyoni. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi anayamba kuzima mpaka maola 21 patsiku m'madera ena. Malawi analengeza za ngozi yomweyi mu Marichi, m'maboma 23 mwa 28, Zimbabwe n'kutsatira mu Epulo.

Chaka choterechi chimabweretsa ndalama za mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Zoyamba ndi zopulumutsa moyo: chimanga cha ofesi yoona za ngozi ya DMMU yomwe ili pansi pa Wachiwiri kwa Pulezidenti, mtukulapakhomo wapadera wa chilala, ndi ganyu ya boma ya Cash for Work yomwe makhonsolo ankalipira K600 pa masiku 10 a ntchito. Izi zimabwera munthu akalembedwa dzina. Zachiwiri ndi ndalama zomangira chinthu chokhalitsa, monga mjigo wa sola, kadamu ka ng'ombe, dimba la gulu kapena nkhokwe ya mbewu. Izi sizisaka munthu. Zimapita kwa amene wapempha, wapempha molongosoka, ndiponso wapempha nthawi ilipo.

Thumba lapafupi

Anthu akamva za thandizo la ndalama amayamba kuganiza za azungu ndi maofesi a akazembe ku Lusaka, pamene thumba lalikulu lomwe mudzi ungalifikire lili pakhonsolo yawo yomwe. Ndi thumba la chitukuko cha dera la phungu, lodziwika ndi dzina lakuti CDF. Linayamba mu 1995, ndipo kwa zaka zambiri linali laling'ono. Mu 2021 dera lililonse linkalandira K1.6 miliyoni. Bajeti ya 2022 inalikweza kufika pa K25.7 miliyoni, kenaka K28.3 miliyoni mu 2023, K30.6 miliyoni mu 2024 ndi K36.1 miliyoni mu 2025, m'madera onse 156 omwe analipo nthawiyo.

Malangizo a 2022 anagawa ndalamazi motere. Khonsolo inkachotsapo 5 peresenti yoyendetsera ntchito. Pa zotsalazo, 60 peresenti inali ya zitukuko za anthu onse, monga makalasi, zipatala zazing'ono, milatho ndi madzi. 20 peresenti inali ya sukulu za sekondale zogonera komweko ndi maphunziro a ntchito zamanja. 20 peresenti yotsiriza inali yotukula achinyamata, amayi ndi magulu a m'midzi, ndipo mbali ina ya iyi inkaperekedwa ulere pamene ina, yokulirapo, inali ngongole. Apa ndi pamene mapempho ambiri amasocherera. Mjigo wa mudzi wonse umapemphedwa ku chigawo cha zitukuko za onse, ndipo ndalama zake sizifika m'manja mwa anthu: khonsolo ndiyo imapeza kontirakitala n'kumulipira. Mbuzi za gulu la amayi kapena mapaipi a dimba la achinyamata zimapemphedwa ku chigawo chotukula magulu, ndipo ndalamazo zimalowa mu akaunti ya gululo. Wosaina fomu ya ngongole akuganiza kuti ndi mphatso amadzadzidzimuka tsiku lobweza likakwana.

Njira ya pempho ndi yodziwika. Limayambira pa msonkhano wa m'mudzi, n'kupita ku komiti ya chitukuko ya wodi, WDC, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 2019 ndipo khansala amakhala nawo m'menemo. Kuchoka apo limapita ku khonsolo, kumene akatswiri amaona ngati ntchitoyo ndi yotheka ndi mtengo wake, komiti ya CDF n'kusankha, kenaka akuluakulu a unduna wa maboma ang'onoang'ono n'kuvomereza. Pempho lodumpha komiti ya wodi, lopatsira phungu pamaliro kapena pamsonkhano wa chipani, limangothera m'thumba la jekete.

Pali kusalingana kumodzi kumene kumandipweteka ndikayang'ana mapu a chigawochi. M'chaka cha chilala cha 2024, boma lonse la Kazungula linali dera limodzi la phungu, la Katombola, ndipo linkalandira ndalama zofanana ndi za dera la Livingstone. Kalembera wa 2022 anapeza kuti chiwerengero cha anthu m'maboma awiriwa sichisiyana kwenikweni, koma malo a Kazungula ndi aakulu kuposa a Livingstone kopitirira ka 20. Munthu wa ku Maramba kapena ku Dambwa akhoza kuyenda wapansi kukatenga fomu ku khonsolo n'kubwerera kudzadya nkhomaliro. Wa kwa Mukuni, yemwe ali pafupi ndi mathithi, amadutsa m'tauni ya Livingstone n'kupitirira ulendo wa makilomita oposa 60 kuti akafike ku khonsolo ya Kazungula. Wa kwa Moomba kapena mkatikati mwa Nyawa ulendo wake ndi woposa pamenepo. Kumene chilala chimaluma kwambiri ndi komwenso pepala limavuta kufika.

Pepala lisanalembedwe

Wopereka ndalama aliyense, kaya boma kaya bungwe lakunja, safuna kupatsa munthu mmodzi. Amafuna gulu lolembetsedwa. Ku Zambia gulu likhoza kulembetsa ngati kopaletivi, ngati kalabu kwa mlembi wa mabungwe, ngati kampani ku PACRA, kapena ngati bungwe lomwe si la boma pansi pa lamulo la 2009. Pa ndalama zaulere za CDF malangizo a 2022 anafuna mamembala osachepera 10, okhala m'deralo, okhala ndi zitupa zawo za NRC. Pamafunikanso malamulo a gulu olembedwa, mabuku a zokambirana za misonkhano, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku ZRA, ndi akaunti ya kubanki yosainidwa ndi anthu oposa mmodzi. Chilichonse mwa izi chimadya ndalama za galimoto, za zithunzi ndi za fotokope.

N'chifukwa chake ndimaumirira pa nkhani ya nthawi. M'chaka cha njala palibe amene angasonkhe ndalama zolembetsera gulu. Kakobidi kalikonse kamapita ku ufa, abambo ali kotentha makala kapena kosaka maganyu m'tauni, ndipo maofesi onse adzaza ndi mapempho ofanana. Nyengo ya 2024/25 mvula inabweranso, dziko linakolola matani oposa 3.6 miliyoni a chimanga, ndipo m'midzi yambiri nkhani ya mjigo inagona. Chikhalirecho chaka chotere ndicho choyenera kulembetsa gulu, kutsegula akaunti ndi kutumiza pempho. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma chilala cha kum'mwera kwa Zambia chimaimba ndithu: chinabwera mu 1992, mu 2016, mu 2019, n'kubweranso mu 2024. Kuchokera tsiku lopereka fomu kufika tsiku limene makina oboola afika pamudzi pamatha miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu. Komanso mjigo wabwino umabooledwa m'chilimwe, cha mu Seputembala ndi Okutobala, madzi apansi atatsikiratu. Wobooledwa nthawi ya dzinja umanyenga, umapeza madzi pafupi amene adzathawe dzuwa likakula.

Msonkhano wa m'mudzi ndi umene umabereka pempho, ndipo suyenera kuchitika mwachiphamaso kuti pangopezeka mayina ndi zidindo za zala. Pa msonkhano wa zamadzi abambo amalankhula za ng'ombe, chifukwa kwa Atonga ndi Atoka-Leya ng'ombe ndiyo banki, ndiyo khasu, ndiyo malowolo. Amayi amalankhula za mtunda wopita kotunga ndi za ndiwo. Zonsezi ndi zoona, ndipo zikapanda kukambidwa poyera zimadzaphulika pamjigo pomwe, ng'ombe zikuponda matope pamene ana akudikira ndi zigubu. Pempho lanzeru limaika chomwera ziweto patali pang'ono ndi potungira anthu, ndipo limalemba zimenezi kuyambira pachiyambi.

Kenaka malo. Minda yambiri ya m'boma la Kazungula ili m'manja mwa mafumu: a Mukuni, a Musokotwane, a Sekute, a Nyawa ndi a Moomba. Kalata ya nyakwawa, yotsimikizidwa ndi mfumu yaikulu, yonena kuti malo a mjigo kapena a dimba aperekedwa kwa gulu, ndi pepala lofunika kuposa ena onse. Mijigo yambiri ya anthu onse yasanduka ya banja limodzi chifukwa inabooledwa pakhomo pa munthu wokoma mtima amene pambuyo pake anamwalira, ana ake n'kumanga mpanda.

Zolemba m'pempho

Owerenga mapempho amawerenga mulu waukulu, ndipo pafupifupi onse amayamba mofanana: dera lathu ndi losauka, kusintha kwa nyengo kwatikhudza, tikupempha thandizo. Mawuwa ndi oona, koma sauza wowerenga kanthu kamene sakadziwa. Chimene iye alibe ndi chimene mudzi wokha ungapereke. Mabanja angati amatunga pamalo amodzi? Chitsime chimauma mwezi uti? Mjigo wapafupi uli pa mtunda wotani, ndipo unawonongeka liti? Ng'ombe zingati zinafa kapena kugulitsidwa motchipa mu 2024? Buku la nyakwawa, kaundula wa pasukulu, buku la pachipatala losonyeza odwala m'mimba, ndi zolemba za mlangizi wa zaulimi zili ndi mayankho amenewa. Manambala ochokera kumeneko, ngakhale ochepa, amalemera kuposa ndime zitatu za chisoni. Ndipo asakokomezedwe, chifukwa tsiku lina kudzabwera munthu kudzawerenga nyumba.

Gawo lovuta kwambiri ndi kusankha chopempha, ndipo pano nthaka ya ku Livingstone ili ndi mawu ake. Kufupi ndi tauni ndi kum'mawa kwake, pansi pali mwala wakuda wolimba, womwewo umene Zambezi anaung'amba n'kupanga zigwembe za Batoka. M'mwala umenewu madzi amangokhala m'ming'alu, kotero makina akhoza kuboola mozama osapeza kanthu, pamene pataliko pang'ono madzi alipo. Kumadzulo, cha ku zigwa zolowera ku Mwandi, kuli mchenga wa Kalahari, ndipo m'malo ena madzi apansi ndi amchere, osamweka. Pempho longoti tikufuna mjigo, losaika ndalama zofufuzira malo ndi zoyezera madzi, ndiponso losanena kuti adzalipire ndani dzenje likapezeka louma, lasiya khomo lotsegula. Lamulo la zamadzi la 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA, ndipo kuyambira 2018 oboola mijigo ayenera kukhala ndi chiphaso, mjigo uliwonse n'kulembetsedwa. Gulu lifunse chiphasocho lisanasaine ndi aliyense.

Nthawi zina yankho si mjigo n'komwe. Pamtsinje wamchenga woyenda nyengo ya mvula yokha, khoma lalifupi lomangidwa pathanthwe limagwira mchenga, mchengawo n'kusunga madzi mkati mwake, osauma msanga ndi dzuwa. Pena chofunika ndi kukumbanso damu lakale lomwe linadzaza matope. Pena ndi mbewu ya mapira, mchewere ndi khobwe m'malo mwa chimanga. Ndipo amene akupempha dimba kufupi ndi nkhalango ya Mosi-oa-Tunya kapena m'njira za njovu zodutsa pakati pa Zambia, Zimbabwe ndi Botswana ayenera kukumbukira kuti njovu zimalowa mpaka m'makomboni a Livingstone. Dimba lobiriwira m'chaka chouma limaziitana. Bajeti yopanda mpanda kumeneko ndi yosatha.

Funso limene limagwetsa mapempho ambiri ndi lakuti: chikadzawonongeka adzakonze ndani? M'midzi ya Zambia muli mijigo yambiri ya mtundu wa India Mark II yongoima, osati chifukwa madzi anatha koma chifukwa kalabala kakang'ono kanatha ndipo panalibe ndalama yogulira kena. Dongosolo lilipo: komiti ya madzi ya m'mudzi yotchedwa V-WASHE, amisiri okonza mijigo ophunzitsidwa m'dera lililonse, ndi masitolo a zipangizo omwe makhonsolo anatsegula ndi thandizo la Japan. Chimasowa ndi chosonkha cha mwezi ndi mwezi, ndi msungichuma wodalirika. Mjigo wa sola umapeputsa ntchito, umatheketsa dimba, koma pampu yake ikapsa mtengo wake si wa kalabala, ndipo mapanelo amabedwa. Pempho linene mosabisa kuti banja lililonse lidzasonkha zingati, okalamba osatha kusonkha adzatani, ndalama zidzasungidwa kuti, ndipo usiku adzalondera ndani.

Za bajeti sindichulukitsa. Mitengo itengedwe kwa ogulitsa enieni, makotesheni amangiriridwe kumbuyo, mtengo wonyamulira katundu kuchoka m'tauni usaiwalike, ndipo zimene mudzi udzapereke, njerwa, mchenga, miyala ndi manja, zilembedwe ndi mtengo wake. Masamu awerengedwe kawiri.

Zitseko zina

Kupatula CDF palinso matumba ena. Thumba la GEF Small Grants Programme, loyendetsedwa ndi UNDP, limapereka ndalama kwa magulu a m'midzi pa ntchito zosamalira chilengedwe. Ofesi ya kazembe wa Japan ili ndi thumba la zitukuko zazing'ono lomwe limamanga makalasi, zipatala ndi malo a madzi. Mapulojekiti akuluakulu, monga SCRALA yomwe inalandira madola 32 miliyoni kuchokera ku Green Climate Fund n'kugwira ntchito m'maboma 16 kuphatikizapo Kazungula, salandira makalata a mudzi mwachindunji. Amadzera ku unduna wa zaulimi, ndipo khomo lake ndi mlangizi wa m'deralo. Livingstone ilinso ndi mwayi umene maboma ena ouma alibe: alendo. Bungwe la The Butterfly Tree, lomwe linayamba mu 2006, lagwira ntchito za madzi, sukulu ndi umoyo kwa Mukuni ndi m'madera a mafumu oyandikana nawo. Kwa Sekute, bungwe la African Wildlife Foundation linamanga sukulu ya Lupani pamgwirizano wakuti anthu asiye malo ena a nyama zakutchire, ndipo malo osungira nyama a Simalaha anabadwa pa mgwirizano wa mafumu a Sekute ndi a Inyambo Yeta pamodzi ndi Peace Parks Foundation.

Aliyense wa awa ali ndi chimene amachifuna, ndipo sipathandiza kutumiza pepala limodzi kwa onse mutangosintha dzina pamwamba. Wa zachilengedwe adzafuna kumva za mitengo, nthaka ndi nyama. Wa zaumoyo adzafuna kumva za ana otsegula m'mimba. Mjigo womwewo ukhoza kufotokozedwa moona mtima m'njira zonse ziwiri. Cholakwika ndi kusintha chosowa cha mudzi kuti chifanane ndi ndalama zomwe zamveka, kupempha njuchi chifukwa chaka chino akupereka ming'oma pamene anthu akufuna madzi. Ndiponso zitseko zakunja zimatsekeka mosachenjeza. Mu 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri n'kutseka bungwe la USAID, ndipo mu Meyi chaka chomwecho kazembe wake ku Lusaka, Michael Gonzales, analengeza kuti akudula madola 50 miliyoni a mankhwala ponena za kubedwa kwa mankhwala a m'zipatala. Mudzi womwe unaika chiyembekezo chonse pa wopereka mmodzi unatsala padzuwa.

Mafomu pafupifupi onse ali m'Chingerezi, pamene pamsonkhano anthu amalankhula Chitonga, Chilozi kapena Chinyanja. Pampata umenewu pamera anthu olemba mapempho molipiritsa. Ena ndi achilungamo. Ena amagulitsa pepala limodzi kwa magulu khumi, ena amalonjeza kuti ali ndi mnzawo mkati mwa komiti, n'kutenga ndalama. Gulu lofuna thandizo polemba liyambe ndi mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, mlangizi wa zaulimi kapena wa chitukuko cha m'midzi, amene amadziwa mudziwo ndipo adzakhalapobe mawa. Akamaliza kulemba, pepala lonse liwerengedwe mokweza pamaso pa gulu, ndime ndi ndime, m'chilankhulo cha anthuwo, pamodzi ndi bajeti. Mamembala ambiri asainira malonjezo amene sanawamvepo, ndipo pamene wopereka ndalama anabwera kudzafunsa, wapampando yekha ndiye ankadziwa zomwe zinalembedwa.

Ndalama zikafika

Ndalama zikalowa mu akaunti m'chaka cha njala, mayesero ake ndi aakulu. Mwana wa membala wadwala, maliro agwa, ufa watha, ndipo ndalama za mapaipi zili pomwepo. Sindiweruza msanga amayi amene amagawana ndalama za gulu kuti ana adye; njala siidikira dimba. Koma zotsatira zake zimagwera anthu ena. Malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma akhala akudandaula za ndalama za CDF zopanda malisiti, ngongole zosabwezedwa ndi zitukuko zosiyidwa panjira, ndipo wodi imene yatchuka ndi mbiri yotere imavutika kupezanso thandizo. Njira yotetezeka ndi kukhala ndi kathumba kena ka mavuto, monga banki m'khonde, kosiyana ndi ndalama za pulojekiti, ndi kugula katundu msanga ndalama zikangofika, anthu atatu ali limodzi, lisiti lililonse n'kulimata m'buku tsiku lomwelo.

Lipoti lilembedwe pa nthawi yake ngakhale nkhani ili yoipa. Ngati dzenje lapezeka louma, mbuzi zafa ndi matenda kapena njovu zathyola mpanda, gulu lilembe kalata kwa khonsolo kapena kwa bungwe lopereka ndalama sabata yomweyo, limangirire zithunzi ndi umboni wa mlangizi kapena wa nyakwawa, linene ndalama zomwe zatsala mu akaunti, ndipo lipemphe chilolezo cholembedwa lisanazigwiritse ntchito ina iliyonse.